Doormat yodula ija mugule kapena ayi? Yambani mwayang'ana khomo lanu

Mvula ikangoyamba, Novembala kapena Disembala uko, nkhani ya chopondera pakhomo imabwera yokha. Munthu wakolopa m'mawa bwinobwino koma pofika masana pabalaza pali kale mapazi a matope kuchokera pakhomo mpaka kukhitchini, nde umalowa mu shopu nkupeza ma doormat awiri, ina yotchipa ina mtengo wake katatu kapena kanayi kuposa inzakeyo, wogulitsa nkumangoti "iyi nde yolimba bwana, simudzagulanso". Ine maganizo anga ndi oti inde yodula ndi yofunika, koma imodzi yokha basi, ya panja, komanso ikhale yoti ikugwirizana ndi khomo lanulo. Ya mkati musaitayire ndalama zambiri. Anthu ambiri amene amadandaula kuti anagula yodula koma yatha msanga, vuto silikhala mtengo ayi, amakhala kuti anagula ya mtundu wolakwika nkuiika pamalo olakwika.

Nde musanapite ku shopu, tulukani kaye panja muime pakhomo panu muyang'ane kumwamba. Pali denga? Mvula ikamagwa ndi mphepo, madzi amafika pachitseko kapena khonde limatchinga? Funso limeneli ndi lalikulu kuposa ena onse, chifukwa doormat yoti imanyowa daily kwa miyezi inayi kapena isanu ndi ina, yoti imakhala pouma ndi inanso. Onaninso ngati madzi ochokera pamalata sagwera pomwepo, nyumba zambiri zilibe ma gata ndiye madzi onse a padenga amathera pa sitepe yapakhomo.

Kenako yang'anani pansi, njira imene anthu amadzera pobwera. Ngati pabwalo pali simenti kapena munayala njerwa kuchokera pageti, nsapato zimafika zili ndi kafumbi chabe ndi madzi pang'ono. Koma ngati ndi dothi, makamaka katondo wofiira uja wa ku Lilongwe amene amamatirira kunsi kwa nsapato mpaka nsapato nkulemera, apo mukufunika chinthu chopala osati chongopukuta. Kwa anzathu a kunyanja, ku Salima, Mangochi, Nkhotakota, mdani wawo ndi mchenga, umalowa m'nyumba osaoneka koma ndi womwe umakanda matailosi ndi kuchotsa polishi pa simenti, munthu nkumadabwa kuti bwanji pakhomo pokha pachita mbuu pomwe kwinako kukuwala.

Chachitatu chimene ambiri amaiwala, chitseko chanu chimatsegukira kuti, ndipo pansi pake pali mpata wanji? Tengani tepi kapena rula ya mwana muyeze. Ma doormat ena okhuthala amafika masentimita awiri kapena kuposa, ndiye ngati chitseko kapena burglar bar imatsegukira kunja ndipo mpata wake ndi wochepa, idzingokokolola doormat ija nthawi zonse mpaka mudzatopa nayo nkuisunthira pambali pomwe palibe amene aziiponda. Yezaninso mulifupi mwa chitseko. Zitseko zambiri ndi masentimita 80 mpaka 90, pomwe ma doormat ang'onoang'ono odzaza m'mashopu aja ndi 40 kwa 60. Kakang'ono kotero munthu amangokadumpha olo kukaponda ndi phazi limodzi, makamaka ana akamathamanga. Ngati malo alipo tengani ya 45 kwa 75 kapena 60 kwa 90 kuti mapazi onse awiri aziponda. Kunena zoona bola yaikulu ya mtengo wapakati kusiyana ndi kakang'ono kodula.

Tsopano za mitundu yake, apa nde pamene ndalama zimatayikira.

Pali ija ya bulauni yokhakhala ngati bulashi, imene imaoneka bwino kwambiri pakhomo ndipo nthawi zambiri ndi imene imadula. Imapangidwa ndi ulusi wa makoko a kokonati, pa pepala lake amalemba kuti coir, ndipo zambiri zimachokera ku India makamaka ku Kerala, zina ku Sri Lanka. Popala matope ouma ndi fumbi iyi ndi katswiri, palibe kutsutsa. Koma imamwa madzi ndipo imachedwa kuuma, ikakhala yonyowa masiku angapo imayamba kuda, kununkha chinyontho, ulusi nkuyamba kuthothoka m'magulumagulu. Komanso poti ndi chomera, chiswe chikhoza kuipeza ngati yangokhala padothi kapena pa simenti yong'aluka. Ndiye iyi gulani pokhapokha khonde lanu lili ndi denga labwino. Kwa a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje kumbukirani kuti chiperoni cha mu Juni ndi Julayi nachonso chimanyowetsa zinthu olo mvula itatha, dzuwa osatuluka masiku atatu, coir sikondwa nazo zimenezo. Ikakhala yatsopano imayoyola ulusi pang'ono masabata oyamba, izo musadandaule nazo, zimasiya.

Ya labala yolemera, ija ya mabowomabowo, ndi imene ine ndingauze munthu aliyense wa khomo lopanda denga kuti agule, olo itadula. Siiwola, chiswe sichiifuna, matope amagwera m'mabowomo m'malo mokhala pamwamba, ndipo mphepo ya mu Ogasiti ija siingaiulutse. Kuipa kwake nkoti siiumitsa nsapato, imangopala basi, komanso ikakhala padzuwa la mu Okutobala imatentha moti mwana wopanda nsapato sangaiponde, ndipo labala wachabechabe amauma nkuyamba kusweka. Apa ndi pomwe kusiyana kwa mtengo kumakhala koona, labala weniweni ndi pulasitiki wongopaka wakuda amasiyana akatha chaka chimodzi padzuwa. Ngati kwanuko kuli amisiri amene amadula matayala akale nkuluka zopondera, musawaderere, tayala linapangidwa kuti lizilimbana ndi tara, dzuwa ndi mvula, nde mapazi a anthu sikanthu kwa ilo. Ingoonetsetsani kuti mawaya amene amangira sakutuluka kunja, angabaye mwana.

Palinso ija ya pulasitiki yopotanapotana imene ena amadula pa mita. Imagwira mchenga bwino zedi ndipo kutsuka kwake nkosavuta, koma ilipo yokhuthala ndi yopyapyala, yopyapyalayo imaphwatalala pakangopita miyezi yochepa pamalo pomwe anthu amaponda kwambiri. Matope a katondo akalowa m'kati mwake nkuuma amavuta kuchotsa pokhapokha mutainyika.

Zomaliza ndi zathu zomwe tinazolowera, chiguduli, thaulo lakutha, kapena zija amaluka ndi nsanza zotsala kwa atelala, ena amaluka ndi khonje. Izi zimamwa madzi bwino kuposa zodula zambiri ndipo mukhoza kuchapa nkuyanika tsiku lomwelo. Malo ake ndi mkati, kuseri kwa chitseko. Panja zimangosanduka matope, munthu akapondapo nde wawonjezera litsiro m'malo mochotsa.

Ndiye dongosolo lake ndi limeneli, ziwiri osati imodzi. Panja yopala, yolimba, yoti mwalipira bwino. Mkati yomwa madzi, yotchipa, ndipo mukhale nazo ziwiri kapena zitatu zosinthanitsa kuti ina ikamauma ina ili pantchito. Ngati kwanu matope ndi oopsa zenizeni, pitani kwa wowotcherera akupangireni kachitsulo kopalira nsapato, kachidutswa ka flat bar kapena angle iron koimika pambali pa sitepe nkukazika mu simenti. Zotsala za zitsulo amakhala nazo zambiri ndipo sangakutchajeni zambiri. Matope ambiri azithera pamenepo, doormat yanu yodula izingolandira zotsala, nde moyo wake utalika kwambiri. Kaikeni pambali ndithu osati panjira, ndipo auzeni asakasiye kakuthwa.

Mukafika mu shopu musangoyang'ana maluwa kapena mawu a Welcome aja, utoto umenewo ndi umene umayamba kuchoka. Inyamuleni kaye, yolimba imalemera. Ipindeni pakati nkuyang'ana kumbuyo kwake, ngati pakuoneka mzere woyera kapena timing'alu, isiyeni, idzathyoka. Kokani ulusi pang'ono ndi zala, ngati ukuzuka mosavuta kuchokera pansi penipeni ndiye kuti guluu wake ndi wabodza. Ikani chala pakati pa ulusi muone ngati mukufika pansi msanga, yothithikana bwino chala chimavutika kulowa. Kenako pemphani kuti muiike pansi pa matailosi a mu shopumo nkuikankha ndi phazi. Ikatsetsereka mosavuta musagule olo ikongole bwanji, chifukwa doormat yoterera pa matailosi onyowa kapena pa simenti yopaka Cobra ikhoza kugwetsa agogo kapena mayi woyembekezera, ndipo mtengo wa mwendo wothyoka sitingauyerekeze ndi wa doormat. Yang'ananinso m'mbali mwake, zikhale zotsikira pansi kapena zosokedwa bwino, osati zopindikira m'mwamba zoti munthu nkupunthwa. Ngati wogulitsa akukaniza kuigwira kapena kuitulutsa mu pulasitiki, pitani kwina.

Za masamu tsopano, mitengo imasintha mwezi ndi mwezi nde tingoyerekeza. Tinene kuti yotchipa ndi K5,000 ndipo imatha dzinja limodzi, yodula ndi K20,000. Kuti yodulayo ibweze ndalama zake ikuyenera kukhala zaka zinayi. Ikafika zisanu kapena zisanu ndi chimodzi mwapindula, ikatha pa zaka ziwiri mwaluza theka. Ndiye gawani mtengo wa yodula ndi wa yotchipa, nambala imene mwapezayo dzifunseni moona mtima ngati pakhomo panupo ingakhale zaka zimenezo. Ya labala wabwino ikhoza, ya coir pamvula singafike zaka zimenezo. Chinanso choti muganizire nchoti zambiri mwa izi zimachokera kunja, ndipo tonse tinaona mmene zinthu zinadumphira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Yotchipa ya lero chaka chamawa siikhala pa mtengo womwewo, pomwe yodula mwalipira kamodzi mwathana nazo. Onjezeranipo sopo, madzi ndi msana wa amene amakolopa katatu patsiku, zimenezi sitiziwerengera koma ndi ndalama ndi mphamvu ndithu, makamaka kumene madzi timachita kugula pa kiosk.

Koma pali ena oti ine ndingawauze kuti asagule yodula. Ngati mumakhala m'nyumba za mdadada, khonde limodzi anthu ambiri, mpanda palibe, chinthu chokongola chosiya panja usiku sichichedwa kusowa, ndipo kumailowetsa madzulo aliwonse ili ndi matope ake ndi ntchito ina yoti simungaipirire. Apo ya matayala ndi yabwino, ndi yolemera komanso siikopa maso. Ngati muli ndi kagalu kakang'ono komwe kakumera mano dikirani kakule, coir ndi nsanza kamazimaliza sabata imodzi. Ndipo ngati pakhomo panu pamadikha madzi mvula ikagwa, ndalama imeneyo yambani mwagulira thumba la simenti kapena njerwa mukweze sitepe ndi kukonza kanjira, chifukwa palibe doormat imene ingagwire ntchito itamira m'chithaphwi. Kwa amene mumavula nsapato pakhomo banja lonse ndi alendo omwe, inunso simukufunika zambiri, ya mtengo wapakati ndi kashelefu ka nsapato zakwana.

Mukagula isamaleni, chifukwa doormat yodzaza dothi siigwiranso ntchito, imangobweza litsiro ku nsapato. Ikutumuleni kawiri kapena katatu pa sabata, nthawi ya dzinja olo daily, ndipo sesani pansi pake chifukwa mchenga wotsalira pamenepo ndi umene umadya polishi ndi kukanda matailosi. Poinyamula gwirani pakona mosamala, zinkhanira ndi tizilombo tina timakonda kubisala pansi pa zinthu zoterezi makamaka mvula yoyamba ikagwa. Ya labala ndi ya pulasitiki thirani madzi nkukwecha ndi bulashi ndi sopo pang'ono, Jik wambiri ayi, amaumitsa labala. Ya coir musainyike mu beseni chonde, dikirani matope aume kenako muimenye ndi ndodo ili chozondoka nkupalasa ndi bulashi youma, ikanyowa iimikeni chotsamira khoma pamalo opita mphepo kuti madzi atsike. Muziitembenuzanso, mbali yomwe inali kuchitseko ipite kunja, kuti isathe malo amodzi. Za mkati zija chapani sabata iliyonse ndipo ziume kaye musanazibwezeretse, nsanza yonyowa pa matailosi imaterera komanso imabweretsa fungo m'nyumba. Ndipo kiyi wa nyumba musamasiye pansi pa doormat, wakuba aliyense amayambira pomwepo kuyang'ana.