Kulumikiza mawaya a vani yokoka ngolo ya mabuleki amagetsi

Ngolo yolemera ikakhala kumbuyo kwa vani, mabuleki a vani paokha sakwanira. Pamtsetse ngoloyo imakankha galimoto, mabuleki amatentha, ndipo mtunda woti muime umatalika. N'chifukwa chake ngolo zikuluzikulu zambiri zimakhala ndi mabuleki amagetsi. Mabulekiwa amadikira magetsi ochokera kutsogolo, ndipo amagwira molingana ndi kuchuluka kwa magetsi amene afika patayala. Waya woonda kapena earth (njira yobwerera magetsi ku negative ya batire) yadzimbiri sizimitsa mabuleki kotheratu ayi, imangowafooketsa mwakachetechete, mwini galimoto n'kudzazindikira tsiku limene akuwafunitsitsa.

M'kati mwa dramu ya buleki ya tayala lililonse muli maginito yamagetsi yomangidwa pakamkono kachitsulo. Magetsi akalowa, maginitoyo imamatirira kunkhope ya m'kati ya dramu imene ikuzungulira, dramu n'kuikoka, kamkono kaja n'kukankhira ma brake shoe (zitsulo zokhota zimene zimakhula dramu kuti tayala liime) kukhoma la dramu. Pa mabuleki a mainchesi 10 kapena 12, maginito imodzi imadya ma amp pafupifupi 3 pa 12V. Ngolo ya ekiselo imodzi ili ndi maginito awiri, ndiye kuti ma amp 6. Ya maekiselo awiri ma amp 12. Ya atatu ma amp 18. Manambalawa muwasunge, chifukwa ndi amene asankhe kukula kwa waya ndi kwa circuit breaker, kachipangizo kodula magetsi akachuluka mopyola muyeso.

Chimene chimayeza magetsi opita kumbuyo ndi brake controller, kabokosi kokhala pafupi ndi dalaivala. Zilipo za mitundu iwiri. Ina imangoona kuti mwaponda buleki, n'kuyamba kukweza magetsi pang'onopang'ono mpaka pamlingo umene munaika, kaya mwaponda pang'ono kaya mwadzidzidzi. Inayo ili ndi sensa yomva mmene galimoto ikuchepetsera liwiro, ndipo imapereka magetsi molingana ndi mapondedwe anu. Ngati mumakoka kawirikawiri kapena mumanyamula ziweto, gulani yachiwiriyi. Koma iyenera kumangidwa molimba, moloza kumene galimoto ikupita, pangodya imene wopanga walola. Ikamagwedera, sensa imanamizidwa ndipo ngolo imagwira mabuleki modukiza. Muiike pamene dzanja lingafike pakabatani kake kogwiritsa mabuleki a ngolo okha osasiya kuyang'ana msewu, komanso kutali ndi pamene airbag ya m'mawondo imatulukira.

Mawaya anayi a controller

Musanagwire chilichonse, chotsani waya wa negative pabatire. Kenaka suzumirani pansi pa dashibodi, pakuti mavani ena amabwera kale ndi pulagi ya controller kuchokera kufakitale, ndipo ikakhalapo mumangofunika kachingwe kogwirizana nayo. Ngati palibe, ma controller ambiri ali ndi mawaya anayi: wakuda, woyera, wofiira ndi wabuluu.

Wakuda ndi wa moto. Achoke pa positive ya batire penipeni, adzere mu circuit breaker yodzibwezeretsa yokha: ya ma amp 20 ngati maginito sapitirira anayi, ya ma amp 30 ngati ndi asanu ndi amodzi kapena asanu ndi atatu. Breaker imeneyi ikhale pafupi kwambiri ndi batire, kuti kachidutswa ka waya kopanda chitetezo kakhale kakafupi. Musaike fyuzi wamba apa. Fyuzi ikapsa pakati pa mtsetse, ngolo yatsala yopanda mabuleki mpaka mutaima, pamene breaker ikazizira imalumikizanso. Musabenso moto pa wailesi kapena pa soketi yotchajira foni, chifukwa mawaya akumeneko sanapangidwire katundu wotere.

Woyera ndi earth, ndipo apite pa negative ya batire kapena pa bauti ya earth imene wopanga galimoto anaika pafupi ndi batirelo. Zitsulo za pansi pa dashibodi nthawi zambiri sizilumikizana bwino ndi thupi la galimoto. Chenjerani kwambiri kuti musasinthanitse wakuda ndi woyera: controller imapsa nthawi yomweyo.

Wofiira ndi umene umauza controller kuti dalaivala waponda. Ulumikizidwe pa swichi ya magetsi a mabuleki, mbali imene imakhala ndi 12V pokhapokha chopondera chapondedwa. Fufuzani mbaliyo ndi multimeter (chipangizo choyezera magetsi), osati ndi babu loyesera, ndipo mawaya kapena mapulagi achikasu a airbag musawakhudze n'komwe. Apa ndi pamene mavani amakono amavutira. Pa ambiri a iwo swichi ya buleki siyatsanso magetsi mwachindunji, imangotumiza chizindikiro chaching'ono ku kompyuta ya galimoto. Mukadulapo waya, mutha kuyatsa nyali za chenjezo pa dashibodi kapena kusokoneza ABS ndi cruise control. Pa vani yotere tsatirani buku la wopanga: mwina pali malo amene anakonzeratu, mwina pafunika kabokosi ka mawaya a ngolo kopangidwira galimoto imeneyo. Pa galimoto zambiri za ku America buleki ndi indiketa zimayatsa babu limodzi, choncho mukatenga chizindikiro pa babu limenelo, mabuleki a ngolo azigwira n'kusiya motsatira indiketa kapena mahazadi.

Wabuluu ndi wotuluka, wopita kumbuyo pa soketi ya ngolo. Uyu ndi amene anthu ambiri amalakwitsa.

Kukula kwa waya

Vani ndi yaitali, ngolo nayonso ndi yaitali. Tinene kuti kuchokera pabatire kufika pasoketi pali mamita 7, ndipo kuchokera papulagi kufika pa ekiselo yomaliza pali mamita 6. Magetsi ayenera kupita ndi kubwerera, choncho ulendo wonse ndi mamita 26. Pa ngolo ya maginito anayi, waya wa 1.5 mm² umataya pafupifupi 3V panjira. Maginito amalandira 9V m'malo mwa 12V, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi latha lisanagwire ntchito. Waya wa 4 mm² umataya pang'ono kuposa 1V, ndipo wa 6 mm² sutaya ndi 1V yomwe. Choncho pa ekiselo imodzi kapena awiri musatsike pa 4 mm². Pa vani yaitali kapena maekiselo atatu tengani 6 mm². Ngati wayayo walembedwa mu AWG (muyeso wa ku America, mmene nambala yaing'ono imatanthauza waya wonenepa), 12 ndiye wochepetsetsa ndipo 10 ndiye wabwino.

Pogula, funsani kukula kwa kopa wa m'kati mu mm². Mawaya ena agalimoto amatchulidwa potengera kunenepa kwa kunja, kuphatikizapo pulasitiki, moti wotchedwa "4 mm" akhoza kukhala ndi kopa wosafika 2 mm². Sendani pang'ono kunsonga muone ndi maso.

Waya wa earth akhale wofanana kukula ndi wabuluu, mbali zonse ziwiri. Magetsi a mabuleki, a maindiketa ndi a nyali zakumbuyo onse amabwerera kudzera pa pini imodzi ya earth. Ena amasiya kuti magetsi azibwerera kudzera pa mpira wokokera ngolo. Pamenepo pali girisi, dzimbiri ndi kugwedera, ndiye mabuleki amagwira lero mawa ayi, nyali zikuthwanima mosadziwika. Pa chassis, palani penti mpaka chitsulo chiwale, mangani ndi bauti ndi washala wa mano, kenaka pakani girisi pamwamba kuti dzimbiri lisalowe.

Poyendetsa waya pansi pa vani, mulowetseni m'paipi ya pulasitiki yofewa, mumange pa masentimita 30 mpaka 40 aliwonse, kutali ndi ekizozi, shafti ndi masipuling'i. Paliponse pamene akudutsa pachiboo cha chitsulo pakhale mphira. Polumikiza gwiritsani ntchito zolumikizira zofinya ndi pulayala yake, n'kuphimba ndi kachubu kofota ndi kutentha kokhala ndi guluu m'kati. Tizipanira tija toluma waya osamusenda timadula tizingwe ta kopa ndi kulowetsa madzi. Pansi pa galimoto sitikhalitsa.

Pa soketi musakhulupirire mtundu wa waya, yezani pini iliyonse. Pa pulagi ya mapini 7 ya ku America waya wabuluu ndi wa mabuleki. Pa ya ku Australia mabuleki ali pa pini 5, wabuluunso. Koma pa pulagi yozungulira ya ku Ulaya ya ISO 1724, wabuluu ali pa pini 2 ndipo ndi wa nyali ya chifunga, pamene pini 5 ndi nyali yakumbuyo ya kumanja. Pulagi imeneyi ilibe pini ya mabuleki amagetsi. Mukalumikiza vani ndi ngolo zosiyana dongosolo, kungoyatsa nyali madzulo kungamange matayala a ngolo muli paliwiro. Ngati pulagi yanu ilibe malo, ikani pulagi ina yapadera ya mabuleki.

Ngolo ikaduka

Ngolo yolemera imafunika breakaway switch: kabokosi pamkono wa ngolo, kokhala ndi kapini komangidwa kuchingwe. Ngolo ikathothoka, chingwe chimasolola kapini, ndipo batire laling'ono la pangolo limapereka magetsi onse ku maginito. Malamulo a ku America ndi Australia amafuna kuti mabuleki agwirebe kwa mphindi zosachepera 15. Chingwecho chimangidwe pa chitsulo cha vani, osati pa mpira kapena pa tcheni, chifukwa zimenezo zikhoza kuchoka limodzi ndi ngolo. Batirelo limatchajidwa ndi waya wina wochokera kutsogolo, wokhala ndi breaker yakeyake ndi relay (swichi yodzitsegula ndi magetsi) yodula magetsi injini ikazima, kuti ngolo isamalize batire la vani usiku. Poyesa swichiyi yambani mwazula pulagi, apo ayi magetsi abwerera m'mbuyo n'kuwononga controller. Ndipo si buleki yoimikira ngolo: mukasiya kapini kali kunja batire limatha, maginito n'kutentha.

Kuyesa ndi kuchuna

Yambani ndi ngolo payokha. Ikani multimeter pakati pa pini ya mabuleki ndi ya earth. Maginito imodzi imakhala pakati pa 3 ndi 4 ohm, choncho awiri asonyeze pafupifupi 1.6 mpaka 1.9, anayi pafupifupi 0.8 mpaka 1. Nambala ikakwera, pali waya woduka kapena polumikizira padzimbiri. Ikatsikira ku 0 pali shoti, ndipo malo oyamba kuona ndi waya wodutsa m'kati mwa paipi ya ekiselo, amene amakhulika osaoneka. Mawaya awiri a maginito alibe positive kapena negative, koma maginito onse alumikizidwe aliyense payekha ku waya wabuluu ndi wa earth, osati motsatizana. Kumbali ya vani, multimeter yokha imasocheretsa chifukwa controller imafuna kuti pakhale chinthu chodya magetsi. Ikani babu la 21W pasoketi, kanikizani kabatani, ndipo kuwala kukwere pang'onopang'ono.

Mukalumikiza zonse, nyamulani tayala lililonse ndi jeke, lizungulitseni, wina akanikize kabatani. Liyenera kuima gwa. Kampasi yolozera kumpoto yoikidwa pafupi ndi dramu imagwedezekanso ngati maginito yalandira magetsi.

Ma shoe atsopano sagwira bwino mpaka atakhazikika. Pamsewu wopanda anthu, tsitsani liwiro kuchoka pa 60 km/h kufika pa 30 km/h ndi mabuleki a ngolo okha, maulendo 20 mpaka 30, mukusiya mpata woti azizireko. Kenaka, pamsewu wa tara wouma ndi wosalala, yendani pa 40 km/h ndi kukanikiza kabatani mpaka pamapeto. Matayala akamangika n'kukhwekhwereka, tsitsani mphamvu. Akapanda kukoka mokwanira, kwezani, mpaka mufike pang'ono pansi pa pomangikira. Bwerezani katundu akasintha, pakuti mlingo wa ngolo yodzaza umamanga matayala a ngolo yopanda kanthu.

Ngati mwakweza mpaka pamapeto koma ngolo ikukankhabe, musathamangire kugula controller ina. Yezani magetsi pa maginito ya kumapeto wina atakanikiza kabatani, injini ikulira. Akapezeka otsika kwambiri poyerekeza ndi a pabatire, vuto ndi waya kapena earth. Akapezeka okwanira, ndiye kuti ma shoe atalikirana ndi dramu. Pa mabuleki osadzichuna okha, sendezani ma shoe mukayenda makilomita 300 oyamba, kenaka pa makilomita 5,000 aliwonse.