Musanatsegule buku lachiwiri: kulemba zomwe mwamva pa marathoni yowerenga

Marathoni yowerenga, yomwe ndi nthawi yowerenga mabuku angapo motsatizana, ikhoza kukhala ya maola 24, monga Dewey's 24 Hour Readathon yomwe inayamba mu 2007, kapena ya Loweruka ndi Lamlungu, kapenanso ya sabata yathunthu. Pa iliyonse mwa izi, nkhani ya m'buku sivuta kuibwerera chifukwa ili pa tsamba lake. Chimene chimathawa msanga ndi chomwe munamva powerenga: pomwe mtima unagunda, pomwe mlembi anakukwiyitsani, pomwe munaika buku pamwendo n'kuyamba kuyang'ana kudenga. Pofika buku lachitatu, ampangankhani a m'buku loyamba alowa kale m'lachiwiri ngati zovala zoyera zochapidwa pamodzi ndi nsalu yosuluka, ndipo munthu amangotsala ndi mawu akuti "linali labwino ndithu". Pamwamba pa izo pali kutopa. Chomwe mwamva pa buku lowerengedwa 3 koloko usiku, mbali ina ndi ya bukulo, mbali ina ndi ya tulo. Ntchito ya zolemba zanu ndi kugwira maganizowo asanazilale komanso kulekanitsa za buku ndi za thupi lanu.

Zokonzeratu dzulo lake

Pezani kope limodzi, pensulo, ndi khadi lolimba la buku lililonse loti muziikira pomwe mwalekezera. Foni siyenera ntchito imeneyi: mukaitsegula kuti mulembe mzere umodzi mupeza mauthenga akudikira, ndipo mphindi 20 zapita. M'kopemo patsani buku lililonse masamba awiri oyang'anizana. Lakumanzere ndi la zolemba mukuwerenga, lakumanja ndi la zolemba mutamaliza. Pamwamba lembani dzina la buku, mlembi, kuchuluka kwa masamba, kenako mzere umodzi wonena chifukwa chomwe mwalisankhira ndi zomwe mukuyembekezera. Mzere umenewu anthu amaudumpha, pomwe ndi wofunika kwambiri. Nthawi zambiri munthu akati buku lamukhumudwitsa, zimakhala kuti ankayembekezera nkhani yothamanga ndiye wapeza yodekha. Popanda mzerewu simudzadziwa ngati buku ndilo lalephera kapena munangolilowera ndi khomo lolakwika.

Werengeranitu nthawi. Mu 2019 katswiri wina, Marc Brysbaert, anasonkhanitsa kafukufuku wambiri n'kupeza kuti munthu wamkulu wowerenga Chingerezi chamumtima amawerenga mawu pafupifupi 238 pa mphindi m'mabuku a zenizeni, ndi 260 m'nkhani zopeka. Tsamba la buku wamba limakhala ndi mawu 250 mpaka 300, kutanthauza pafupifupi tsamba limodzi pa mphindi, ndiye buku la masamba 300 lidya maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Liwiro lanu likhoza kusiyana ndi ili, makamaka m'chinenero chomwe simunayamwire, choncho dziyeseni: werengani mphindi 10, werengerani masamba, chulukitsani ka 6 kuti mupeze masamba omwe mumawerenga pa ola. Pa buku lililonse onjezani mphindi 25, khumi zolembera ndi 15 zopumira. Amene saika mphindi zimenezi m'dongosolo salemba kanthu, chifukwa mulu wa mabuku ukamamuyang'ana amaona ngati kulemba n'kutaya nthawi.

Posanja mabuku, musagundanitse awiri ofanana. Nthano ziwiri zofufuza wakupha munthu zikatsatizana, mawa lake simudzakumbuka kuti wapolisi woledzera uja anali m'liti. Ikani pakati pake ndakatulo, sewero lalifupi kapena buku la mbiri ya munthu. Buku lolemera, lomwe mukufunitsitsa kuliweruza mwachilungamo, likhale loyamba m'mawa mutu ukadali wopepuka.

Mukuwerenga

Cholemba chilichonse chikhale ndi zinthu zitatu: nambala ya tsamba, ola, ndi mawu osapitirira khumi kapena 15. Lembani pa khadi lija kapena pa tsamba lakumanzere, osasamala za kalembedwe. Kusiyana kwa cholemba chothandiza ndi chopanda ntchito kumaoneka pa zitsanzo ziwiri izi. Wina alemba, "ts. 87, 11:20, pabwino zedi." Wina alemba, "ts. 87, 11:20, mayiyu wanamiza mwana wake koma ndamukhululukira kale, bwanji?" Pakatha sabata, choyamba chija sichinena kanthu. Chachiwiri chikubwezerani pamalo enieniwo, ndipo funso lakelo ndi poyambira pabwino polemba ndemanga yaitali.

Lembani zomwe zachitika mwa inu, osati zomwe zachitika m'nkhani. "Ndabwereza ndime iyi katatu." "Ndadumpha masamba awiri ofotokoza nyumba." "Ndaseka mokweza." "Ndayang'ana kuti kwatsala masamba angati." Chomaliza ichi n'chizindikiro chodalirika kuposa mawu aliwonse oyamikira kapena odzudzula, chifukwa munthu wogwidwa ndi nkhani sawerengera masamba otsala, kupatula pomwe akuopa kuti ithera.

Kulemba kamodzi pa masamba 20 kapena 30 n'kokwanira. Mukamalemba pa tsamba lililonse ndiye kuti mwasiya kuwerenga, mwayamba kulemba mayeso, ndipo nkhaniyo siingakunyamuleninso. Mukaona kuti masamba 60 adutsa pensulo ili chigonere, dzifunseni kuti chifukwa n'chiyani, popeza pali zifukwa ziwiri zotsutsana: mwina bukulo linakumezani moti munaiwala kope, mwina maso ankangoyenda pa mizere mutu uli kwina. Lembani chomwe chili choona. Madokotala a maso amalangiza kuti pa mphindi 20 zilizonse muziyang'ana chinthu chomwe chili mamita 6 kutali kwa masekondi 20. Kapumidwe kameneka ndi nthawi yabwino yodzifunsa kuti pano ndikumva chiyani, ndipo mwatero mwagwira ntchito ziwiri pakamodzi.

Owerengera pa tabuleti kapena pa kompyuta achenjere ndi kungopaka mtundu pa ziganizo. N'kosavuta moti munthu amapaka malo 40, koma pambuyo pake sadziwa kuti apa anapaka chifukwa chogoma kapena chifukwa chokwiya. Kupaka kulikonse kutsagane ndi mawu anuanu, ngakhale atatu. Omvera mabuku ojambulidwa mawu alembe ola ndi mphindi m'malo mwa tsamba, alembenso liwiro lomwe akumvera. Ndime yachisoni yomvera pa liwiro lowirikiza siigwira mtima ngati pa liwiro lake, ndipo mawu a woliwerengayo akhoza kukukondetsani kapena kukudanitsani ndi buku lomwe pa pepala mukanalimva mwina.

Mphindi khumi mutangotseka buku

Apa ndi pomwe pagona ntchito yonse. Musalankhule ndi munthu, musafufuze zomwe ena ananena pa intaneti, musagwire buku lotsatira. Ndemanga imodzi yolembedwa mwaluso ndi munthu wina imakwanira kufafaniza maganizo anu osakhwimawo, ndipo mudzayamba kulankhula mawu ake mukuyesa ndi anu.

Phimbani tsamba lakumanzere, buku likhale chitsekere, ndipo lembani kuchokera m'mutu. Izi zili ndi maziko. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anasonyeza kuti ophunzira omwe anayesetsa kukumbukira ndime yomwe anawerenga, osaiona, ankaikumbukira bwino patatha sabata kuposa omwe anangoibwereza kuwerenga. Choncho kulemba kuchokera m'mutu kumakhomereranso bukulo lisanakwiriridwe ndi lotsatira. Yambani ndi chithunzi chomwe chabwera choyamba mukatsinzina. Kawirikawiri sipakhala pampondachimera pa nkhani. Kamakhala kanthu kakang'ono, mwina munthu akupukuta mbale atalandira uthenga wa maliro. Kalembeni momwemo. Kenako nenani pomwe munafuna kulisiya ndi pomwe simukanalisiya ngakhale wina akanagogoda pakhomo. Tchulani mpangankhani yemwe mungakangane naye ndi chomwe mungamuuze. Ngati ndi buku la zenizeni, lembani mfundo imodzi ya mlembi m'mawu anu, umboni womwe anapereka, ndiponso ngati wakukhutiritsani. Ngati ndi ndakatulo, koperani mzere umodzi wathunthu, popeza ndakatulo ikafotokozedwa m'mawu ena imafa.

Mukamaliza, vundukulani tsamba lakumanzere muyerekeze. Mudzadabwa kangapo. Mu 1993 Daniel Kahneman ndi anzake anauza anthu kuti aviike dzanja m'madzi ozizira madigiri 14 kwa masekondi 60, ndipo ulendo wina kwa masekondi 60 omwewo kuonjezapo 30 pomwe madziwo ankafunditsidwa pang'ono chabe. Atafunsidwa kuti abwereze uti, ambiri anasankha wautaliwo, ngakhale unali ndi ululu wochuluka, chifukwa unatha bwinoko. Munthu amaweruza zomwe wadutsamo potengera pomwe zinafika pachimake ndi momwe zinathera, utali wake osaulabadira kwenikweni. Ku mabuku ndi chimodzimodzi: mathero amphamvu amakuiwalitsani masamba 150 omwe munkayasamula, ndipo mathero ofooka amadetsa buku lomwe linakusangalatsani maola anayi. Tsamba lakumanzere ndi mboni yomwe inalipo nthawi yonseyo. Likatsutsana ndi lakumanja musafute lililonse. Lembani kuti "pakati ndinatopa nalo, mathero andigula", chifukwa zonse ziwiri n'zoona.

Pansi penipeni lembani za thupi: ola lomwe mwamaliza, maola omwe munagona usiku wathawu, ngati muli ndi njala, makapu a khofi omwe mwamwa, ndi kutopa kwanu pa mlingo wa 1 mpaka 5. Nyenyezi zosonyeza momwe mwalikondera buku muzipereka ndi pensulo, mopepuka. Ku Goodreads, tsamba la pa intaneti loikapo ndemanga za mabuku, kapena kwina kulikonse musaikeko kanthu tsiku lomwelo. Buku lapakatikati likatsatira buku lamphamvu limaoneka lopanda pake, ndipo lomwelo likatsatira lotopetsa limaoneka ngati lodabwitsa, choncho lembaninso dzina la buku lomwe linabwera patsogolo pake. Mukatero imirirani, mwani madzi, yendani mphindi 15.

Buku lina limakhudza chilonda chanu chenicheni, imfa ya wachibale kapena banja lomwe linatha. Likatero, dongosolo la maola liyambe laima. Lembani zochuluka momwe mungafunire, kapena lembani mzere umodzi woti "sindingathe kulemba pano", n'kupuma ola lathunthu. Kuthamangira buku lina kuti chiwerengero chikwane n'kudzilakwira, ndipo lotsatiralo simudzalimva n'komwe.

Mabuku osiyidwa panjira

Nawonso ali ndi masamba awo m'kope. Nancy Pearl, yemwe anagwira ntchito ya laibulale ku Seattle, anatchuka ndi lamulo loti buku mulipatse masamba 50 musanalisiye, ndipo ngati mwapitirira zaka 50, chotsani zaka zanu pa 100 kuti mupeze masamba oyenera. Pa marathoni lamuloli limathandiza, bola mulembe tsamba lomwe mwaimira ndi chifukwa chake mosabisa. "Mlembi akufotokoza chinthu chimodzi katatu" ndi mlandu wa buku. "Ndi 2 koloko usiku, ziganizo zake n'zazitali, sindikutsatira" ndi nkhani ya ola, ndipo buku lotere libwerere pa shelefu ya odikira.

Mawu onga "losangalatsa", "logwira mtima" ndi "lotopetsa" si oletsedwa, koma asaime okha. Aliwonse atsatidwe ndi "chifukwa" komanso nambala ya tsamba. Mukalephera kupeza tsamba lochitira umboni, mwina mawuwo munangowatola kuchikuto chakumbuyo.

Patatha sabata

Mutagona mokwanira masiku angapo, tengani pepala lina, kope lili chitsekere, mulembe mizere isanu pa buku lililonse. Ena mudzalemba mosavuta mpaka pepala kuchepa. Pa ena mudzavutika kukumbukira ngakhale dzina la mpangankhani wamkulu, ngakhale munawapatsa nyenyezi zisanu. Izi sizitanthauza kuti munanama tsiku lija: pali mabuku okoma powerenga omwe sasiya kanthu, ndipo ndi bwino kuwatchula choncho. Palinso buku lomwe munalipatsa ziwiri mokwiya koma lakhala likukubwererani posamba ndi poyenda. Limenelo likwezeni, kapena lembani kuti simunalikonde koma silikukusiyani, zomwe zimauza wowerenga mnzanu zambiri kuposa nambala.

Tsopano tsegulani kope, ikani zolemba zitatuzo pamodzi, ndipo nyenyezi zilembedwe ndi inki. Buku lililonse lomwe munamaliza kutopa kuli pa 4 kapena 5 lisaweruzidwe kaye: werenganinso masamba ake 30 oyambirira masana, muone ngati ndi buku lomwe lija. Pogawana ndi ena, nenani kuti munaliwerenga pa marathoni, linali lachingati, ndiponso nthawi yanji, kuti adziwe kulemera kwa mawu anu. Mathero musaulule. Ngati maganizo anu onse atsamira pa matherowo, chenjezani pamwamba, siyani mpata wa mizere ingapo, kenako lembani momasuka kwa okhawo omwe analimaliza.