Katundu akafa msanga kapena akakuvulazani: mmene mungadandaulire ku Britain, Ulaya, America ndi South Africa

Musanalembe kalata iliyonse, siyanitsani madandaulo awiri. Foni ikangosiya kugwira ntchito, nkhani yanu ili ndi amene anakugulitsani, chifukwa ndiye munapangana naye. Koma batire yake ikaphulika n'kukuwotchani dzanja kapena kuyatsa nyumba, mlandu umapita kwa wopanga, ngakhale simunaonanepo naye. Anthu ambiri amataya miyezi akulembera fakitale pa nkhani yomwe ikanathera kusitolo.

Dandaulo lopita kwa wogulitsa limayendera kalendala. Ku Britain, lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limakupatsani masiku 30 obwezera katundu wolakwika n'kulandira ndalama zonse. Masikuwo akatha, wogulitsa ali ndi mwayi umodzi wokonza kapena kusintha, ndipo vuto looneka m'miyezi 6 yoyamba limatengedwa kuti linalipo kale pogula. M'mayiko a European Union wogulitsa amayankhira katundu kwa zaka 2, ndipo m'chaka choyamba ndi iye amene ayenera kuonetsa kuti katunduyo anali bwino. Ku South Africa, gawo 56 la Consumer Protection Act ya 2008 limapereka miyezi 6, ndipo wosankha pakati pa kukonza, kusintha ndi kubweza ndalama ndi inuyo. Waranti ya kampani ndi chowonjezera chabe, sichotsa ufulu umenewu, choncho musalole kuti akungolozerani kwa wopanga.

Pakakhala kuvulala, mlandu umapulumuka kapena kufa m'masiku oyambirira. Chinthucho musataye, musachikonzetse, ndipo musachipereke kusitolo ngakhale atalonjeza chatsopano. Chikachoka m'manja mwanu, katswiri wanu sadzakhala ndi choti apime. Ngati ndi chaja yopsa, sungani zonse m'bokosi louma: waya wosungunuka, pulagi, pepala la malangizo ndi katoni yake. Jambulani malo a ngoziyo musanasese, komanso kachipepala komatidwa pansi kapena kumbuyo, komwe kuli nambala ya katunduyo ndi dzina la amene anamulowetsa m'dziko. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo muuze dokotala chomwe chakuvulazani kuti chilembedwe. Lisiti ikasowa, sitetimenti ya kubanki imathandiza.

Tsono muyenera kuonetsa chiyani kukhothi? Njira yakale inachokera pa mlandu wa Donoghue v Stevenson wa 1932, pomwe mayi wina ku Paisley, Scotland, anadandaula kuti anapeza nkhono yowola m'botolo la chakumwa. Khothi linagamula kuti wopanga ali ndi udindo wosamala wogwiritsa ntchito katundu wake. Vuto lake n'lakuti wodandaula ayenera kuonetsa kusasamala kwa fakitale yomwe sanalowemo. N'chifukwa chake malamulo anasintha. Ku California mlandu wa Greenman v Yuba Power Products wa 1963 unachotsa mtolo umenewu, Ulaya anatsatira mu 1985, Britain mu 1987, ndipo South Africa anaika mfundo yomweyo m'gawo 61 la Consumer Protection Act ija. Pansi pa malamulowa mumaonetsa zinthu zitatu basi: katunduyo anali ndi vuto, mwavulala kapena mwawonongekeredwa, ndipo vutolo ndi lomwe labweretsa zimenezo. Chachitatuchi ndiye chimagwetsa anthu, chifukwa maloya a kampani amafulumira kunena kuti moto unayambira pa mawaya a m'nyumba mwanu.

Tchulani bwino mtundu wa vutolo. Makhothi a ku America amawagawa patatu: chinthu chimodzi chinalakwika popanga, kapangidwe ka mtundu wonsewo n'koopsa, kapena panalibe chenjezo lokwanira. Loyambalo ndi losavutirapo, chifukwa mumayerekeza chanucho ndi chinzake chabwino. Lachiwiri limafuna mainjiniya ndi ndalama zambiri. Ku America kuli chipukuta misozi china cholangira kampani, ndipo maloya ambiri amalipidwa pokhapokha mukapambana. Ku Ulaya kawirikawiri mumangolandira zofanana ndi zomwe mwataya.

Nthawi yokasuma ndi yowerengeka. Ku Ulaya ndi ku Britain ndi zaka 3 kuyambira pomwe munadziwa za kuvulalako, vutolo ndi wopanga wake, koma pakatha zaka 10 katunduyo atalowa pamsika, ufulu wa lamuloli umatheratu. Onani bwino: zaka 10 zimenezo siziyambira tsiku lomwe munagula. Ku South Africa ndi zaka 3. Ku America boma lililonse la chigawo lili ndi nthawi yake, choncho funsani loya wa komweko msanga. Kuwonongeka kwa katundu wina kuli ndi malire ake: Britain salandira dandaulo losapitirira mapaundi 275, ndipo lamulo la Ulaya la 1985 lili ndi malire a mayuro 500. Mtengo wa chinthu chophulikacho sulowa m'mlanduwu, umenewo mukautenge kwa wogulitsa.

Wopanga akakhala kutali, musathamangire kukasuma kudziko lake. Ku Ulaya ndi ku Britain amene analowetsa katunduyo, kapena amene anamatapo dzina lake, amatengedwa ngati wopanga. Wogulitsa naye amalowa m'malo mwake akalephera kumutchula, choncho mulembereni kalata yomufunsa dzinalo, muikepo deti ndi masiku oti ayankhe, ndipo musunge kope. Yembekezerani mayankho awiri: kuti munagwiritsa ntchito molakwika, zomwe zingachepetse chipukuta misozi, kapena kuti sayansi ya nthawiyo sikanatha kuona vutolo, chifukwa chomwe mayiko ambiri a ku Ulaya amavomereza. Pa katundu wolowa pamsika wa European Union kuyambira pa 9 Disembala 2026, lamulo latsopano la 2024 likuwerengera mapulogalamu a pakompyuta ngati katundu, likuchotsa malire a mayuro 500, komanso likutalikitsa zaka 10 zija kufika pa 25 ngati matenda achedwa kuonekera.