Momwe mungakonzere dziwe kuti dzuwa lizikudyetserani nsomba

Chakudya chachikulu cha makumba ndi chambo m'dziwe chimachokera ku dzuwa. Ndere zosaoneka ndi maso, zija zimabiriwitsa madzi, ndizo zimakola mphamvu ya dzuwa. Tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi timadya ndere, nsomba n'kumadya ndere ndi tizilomboto. Koma pakudyana kulikonse mphamvu yambiri imatha ndi kupuma, kusambira ndi zotuluka m'mimba. Mwa magawo 100, pafupifupi 10 okha ndiwo amafika kwa wodyayo, monga anasonyezera katswiri wa zachilengedwe Raymond Lindeman mu 1942. Choncho ntchito ya mlimi ndi kuchulukitsa ndere ndi kufupikitsa mzere wa odyana.

Yambani ndi kuwala. Sadzani nthambi zophimba dziwe, ndipo musalole madzi amatope kulowamo, chifukwa dothi loyandama limatsekereza dzuwa ngati mthunzi. Dziwe likhale lakuya pafupifupi mita imodzi.

Kenako thirani manyowa. Mangani kakhola ka nsungwi pakona yolowera madzi, muziikamo zitosi za nkhuku zokwana makilogalamu 2 kapena 3 pa sabata ngati dziwe ndi la mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi. Ndowe za ng'ombe zimafunika zochulukirapo popeza n'zofooka. Manyowawa ali ngati feteleza wa m'munda: amadyetsa ndere. Musasiye madzi akungodutsa m'dziwe usana ndi usiku, chonde chonse chimapita nawo.

Sabata iliyonse pisani mkono m'madzi mpaka m'chigongono, masentimita ngati 30. Chikhatho chikamaoneka bwinobwino, madzi ndi osabereka, onjezani manyowa. Chikazimiririka madzi asanafike m'chigongono, lekani kuthira. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, poganiza kuti kubiriwira kwambiri ndiye bwino. Masana ndere zimatulutsa okosijeni, mpweya umene nsomba zimapuma, koma usiku zimaugwiritsa ntchito, pamodzi ndi tizilombo tooletsa manyowa. N'chifukwa chake nsomba zimapezeka m'bandakucha zili kakasi pamwamba, kukamwa yasa, makamaka kukachita mitambo masiku angapo. Mukaona zimenezi lowetsani madzi atsopano msanga, ndipo tsiku limenelo musathire manyowa kapena madeya.

Posankha mbewu ya nsomba, tengani za koyambirira kwa mzere wa odyana, zodya ndere kapena masamba. Makumba ndi chambo amadya ndere, pomwe chilunguni amadya masamba, kotero mungamuponyere masamba a mbatata kapena chisoso, mphamvu ya dzuwa yakumtunda ilowenso m'dziwe. Ikani nsomba 2 kapena 3 pa sikweya mita iliyonse. Mlamba samalani nawo. Ochepa amathandiza kudya tiana ta makumba tikachulukitsa, koma kilogalamu iliyonse ya mlamba wokula podya nsomba zinzake yadya makilogalamu angapo omwe mukanagulitsa.

Madeya ndi ongowonjezera. Perekani pa malo amodzi, m'mawa dzuwa litakwera ndi masana, okwana kuti athe msanga. Otsala amaolera pansi n'kumadya mpweya womwewo.

Pomaliza tsekani mipata imene mphamvu imathawira. Mbululu zimalimbirana ndere ndi nsomba, choncho wolani mazira a achule m'mbali mwa dziwe. Ng'azi ndi katumbu zimabisala m'tchire, ndiye lambulani udzu kuzungulira dziwe n'kumanga mpanda wothithikana. Akakowa amakonda kuima m'madzi osaya, ndipo zingwe zomangidwa mopingasa pamwamba pa dziwe zimawalepheretsa kutera.