Kanema akakana kutseguka kapena akamadukaduka pa kompyuta: zoyenera kuchita musanaifomate

Kuno ku Kasungu makompyuta ambiri omwe ali m'makomo ndi ogwirapo kale ntchito, ndipo ena amagulidwa fodya akayenda bwino ku Chinkhoma. Ntchito imodzi yomwe amagwira kwambiri ndi kuonetsa makanema a ukwati, a chinkhoswe, a kwaya ndi a maphunziro a ana okonzekera mayeso a MSCE. Chomwe chimandimvetsa chisoni n'chakuti kanema akangokana, anthu ambiri amathamangira kwa wokonza kukamuuza kuti afufute zonse, zomwe timati kufomata. Ndinaonapo banja lina litataya zithunzi za zaka zambiri mwa njira imeneyi, pomwe vuto linali m'fulashi, ndipo kompyutayo inalibe chilema chilichonse.

Choyamba ndi kudziwa kumene vuto lagona, chifukwa likhoza kukhala m'kanemayo, m'pulogalamu yoonetsera, m'makina enieniwo kapena pa intaneti. Tsegulani kanema wina amene mukudziwa kuti dzulo kapena dzana ankaoneka bwino. Ngati ameneyo akuyenda, kompyuta sinawonongeke ndipo mlandu kawirikawiri uli pa kanema watsopanoyo kapena pa pulogalamu yoonetsera. Kenako tengani wovutayo mukamuyese pa foni kapena pa kompyuta ya mnzanu. Musinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, popeza mukasintha zitatu nthawi yomweyo simudzadziwa chimene chathandiza vutolo likadzabweranso.

Kanema amene akukana paliponse kawirikawiri amakhala kuti sanakopedwe yense. Izi zimachitika magetsi akathima kukopa kuli mkati, kapena munthu akazula fulashi mothamanga osayamba wadina Eject. Yerekezani kukula kwa failo yanu ndi ya kumene munaitenga: ngati kumeneko ili 1.4 GB koma kwanu ikuonetsa 600 MB, palibe pulogalamu yomwe ingabwezeretse gawo losowalo, ndipo muyenera kukakopanso. Dziwaninso kuti fulashi yokonzedwa mwa dongosolo la FAT32 silandira failo imodzi yoposa 4 GB, choncho kanema wautali wa ukwati amakanidwa ngakhale malo alipo ambiri. Fulashi yotere imafunika kusinthidwa kukhala exFAT kapena NTFS, mutayamba mwasunga kwina zonse zili m'menemo. Palinso mafulashi achinyengo, olembedwa 64 GB pomwe malo ake enieni ndi ochepa kwambiri. Amaoneka ngati alandira zonse, koma makanema omwe munaika pomalizira satseguka. Ndipo musanaweruze kanema aliyense, mukopereni kaye m'kompyuta momwemo, chifukwa fulashi yakale kapena memori khadi yochedwa imachititsa kuti chithunzi chiziimaima.

Ngati kanemayo akuoneka pa foni koma akukana pa kompyuta, kapena mawu akumveka pomwe chithunzi chili bii, vuto lili m'pulogalamu. Apa m'pofunika kumvetsa chinthu chimodzi. Mayina monga MP4, MKV ndi AVI ali ngati thumba, ndipo thumba likhoza kukhala ndi chimanga, mtedza kapena soya. Zomwe zili m'katimo zimapanikizidwa mwa njira yotchedwa codec, ndipo pulogalamu yosadziwa njirayo singathe kumasula chithunzi. Makanema ambiri amagwiritsa ntchito H.264, imene pafupifupi kompyuta iliyonse imaidziwa, koma mafoni ambiri atsopano amajambula ndi H.265, yomwe imatchedwanso HEVC, ndipo Windows Media Player ya m'makompyuta akale siidziwa. N'chifukwa chake makanema awiri, onse olembedwa MP4, wina amatseguka wina n'kukana.

Mankhwala ake ndi VLC, pulogalamu yaulere yopangidwa ndi bungwe la VideoLAN la ku France, imene imabwera ndi ma codec ake m'kati. Itengeni pa videolan.org pokha. Ndikunena izi motsindika chifukwa masamba ambiri amakulonjezani codec yapadera kapena kukuuzani kuti muike Flash Player, pulogalamu yakale yoonetsera makanema pa intaneti, pomwe kampani ya Adobe inasiya kuthandiza Flash pa 31 Disembala 2020, ndipo uthenga wotere lero kawirikawiri ndi msampha wa mavairasi. VLC imathandizanso amene ali ndi ma DVD akale a maukwati, popeza kuyambira pa Windows 8 pulogalamu yobwera ndi Windows inaleka kuonetsa ma DVD.

Tsopano tifike pa kanema amene akutseguka koma chithunzi chikutsalira mawu kapena kuima n'kulumpha. Kanemayo akuyenda, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, ndipo muone nambala ya CPU, imene ili ngati ubongo wa kompyuta. Ikakhala pa 90 kapena 100 peresenti, makina akulemedwa. Tsekani mapulogalamu ena onse, makamaka Chrome ngati ili ndi masamba ambiri otsegula. Zikapitirira, ndiye kuti kanemayo ndi wolemera kuposa mphamvu ya kompyuta yanu, monga zimakhalira ndi kanema wa 4K, wa chithunzi chooneka bwino kwambiri, pa laputopu ya zaka 10 zapitazo. Pulogalamu yaulere ya HandBrake ikhoza kumusandutsa kukhala H.264 wa 720p, amene ndi wopepukirapo. Ntchitoyi imatenga nthawi pa makina akale, koma kanemayo amayenda mosalala pambuyo pake, ndipo wapachiyambiyo musamufufute.

Chithunzi chikasanduka chobiriwira kapena chikamasweka m'timabokosi, lowani mu VLC pa Tools, kenako Preferences, kenako Input / Codecs, mupeze mawu akuti Hardware-accelerated decoding ndi kusankha Disable. Tsekani VLC n'kuitsegulanso. Ngati zinali kale pa Disable, yesani Automatic.

Chinthu chomwe ambiri sachiganizira ndi kutentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha ndipo fumbi limakhala lambiri, moti timabowo totulutsa mpweya pa laputopu timatsekeka. Kompyuta ikatentha imachepetsa liwiro yokha pofuna kudziteteza, ndipo chizindikiro chake n'chakuti kanema amayamba bwinobwino, koma pakatha mphindi 15 kapena 20 amayamba kudukaduka, fani ikulira kwambiri. Musaike laputopu pa bedi, pa bulangeti kapena pa khushoni. Iikeni pa tebulo, ndipo muikweze pang'ono kumbuyo kuti mpweya uzidutsa pansi. Magetsi akathima, laputopu yoyendera batire imachepetsanso mphamvu, choncho yesani kanemayo chaja ili yolumikiza musanaganize kuti chinachake chawonongeka.

Za mawu sizivuta kwenikweni. Mukalumikiza kompyuta ku TV ndi chingwe cha HDMI, dinani batani la Windows pamodzi ndi P kuti musankhe koonetsera, kenako dinani chizindikiro cha sipika pansi kudzanja lamanja musankhe kumene mawu azitulukira. Ngati milomo ya wolankhula sikugwirizana ndi mawu, mabatani a J ndi K mu VLC amasuntha mawuwo pang'onopang'ono mpaka zitalingana.

Makanema a pa YouTube kapena Facebook ali ndi mavuto awoawo. Kachizindikiro kozungulira pakati pa chithunzi kamasonyeza kuti intaneti ikuchedwa. Amene mumalumikiza kompyuta ku foni ya TNM kapena Airtel, ikani foniyo pa zenera pomwe netiweki imagwira bwino, ndipo pa YouTube chepetsani kaonekedwe ka kanemayo (Quality) kufika pa 360p kapena 480p, zomwe zimapulumutsanso bandulo. Uzani Windows kuti intanetiyo ndi yogula mwa muyeso posankha Metered connection, kuti isamadye bandulo yanu potsitsa zinthu zake mwakachetechete. Ngati tsamba likukana kutseguka n'kumachenjeza za chitetezo, yang'anani tsiku ndi nthawi pa kompyutayo, chifukwa zikalakwika masamba amakana kutseguka. Makompyuta akale amataya tsiku kabatire kakang'ono ka m'kati, kamene nthawi zambiri kamakhala CR2032, kakatha mphamvu. Amene mukadali pa Windows 7 dziwani kuti Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Januware 2020, ndipo Chrome yomaliza kugwira pa iyo ndi ya nambala 109, motero masamba ena azikuvutani ngakhale netiweki ili bwino.

Kwa wokonza muyenera kupita ngati mizere kapena mitundu yachilendo ikuoneka pa sikirini kompyuta ikangoyaka, Windows isanatseguke n'komwe, kapena ngati ikuzima yokha ngakhale mwaiika pa malo opita mphepo. Zizindikiro zimenezi zimaloza ku zipangizo za m'kati, zomwe kufomata sikungakonze. Musanainyamule, koperani zithunzi, makalata ndi makanema anu onse pa fulashi yodalirika, mutsegule angapo kuti mutsimikize kuti akopedwa bwino, ndipo mukafika mumuuze wokonzayo zomwe mwayesa kale komanso kuti asafufute kalikonse asanakufunseni.