Momwe mungadyere kuti chimfine chisamakugwetseni nyengo yozizira

Juni akangolowa ndi kachiperoni kake kaja basi nyumba iliyonse kumakhala kutsokomola, ana mamina ali chuchuchu, ndiye timathamangira kumsika kukagula jinja, adyo ndi mandimu ngati mmene tinkachitira mu Januwale 2021 Covid itavuta. Tiyi wa jinja amafewetsa kukhosi inde, koma chitetezo cha mthupi sichibwera tsiku limodzi munthu utagona kale, chimachokera mu zomwe ukudya tsiku ndi tsiku, ndipo zambiri ndi zomwe azigogo athu ankadya.

Yambani ndi ufa. Mukapita kuchigayo gayitsani mgaiwa, chifukwa chimanga mukachikonola nkuchiviikanso mmadzi, zabwino zambiri zimatsalira mu madeya aja timapatsa nkhuku. Ana akamakana sakanizani theka mgaiwa theka ufa woyera mpaka azolowere.

Pa ndiwo zamasamba mpamene ambiri timalakwitsa. Bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, luni, zonsezi zili ndi vitamini A yemwe amalimbitsa kakhungu ka mkati mwa mphuno, kukhosi mpaka mmapapo, momwe mavayirasi amayambira kulowa, koma timaziphika mpaka zimachita kuda bii. Tsukani masamba musanadule, osati kudula kaye kenako nkumachapa. Mayi anga amayamba awiritsa timadzi tochepa, nkuponyamo masamba, kuvundikira, kenako tomato ndi nsinjiro pamwamba, amaphula masambawo akadali obiriwira ndipo msuzi wake sataya olo dontho. Nsinjiroyo kapena timafuta pang'ono musasiye, vitamini A thupi limamutenga bwino pakakhala mafuta. Soda ndi chidulo zimaononga mavitamini ena, ndikudziwa therere lopanda soda ambiri sitilimva kukoma ndiye ingothirani kochepetsetsa, koma mu nkhwani ndi bonongwe ayi ndithu. Chigwada chokha ndiye chosiyana, chimenecho sinjani bwino ndipo chiwire mokwanira chifukwa masamba a chinangwa ali ndi poizoni yemwe amachoka akapsa.

Mmawa mmalo mwa buledi phikani mbatata yofiira mkati ija, monga Kaphulira kapena Kadyaubwerere, ana amaikonda chifukwa ndiyotsekemera. Usipa, matemba ndi bonya idyani zonse ndi mitu yomwe, nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama muzisinthasintha, sikuti mpaka nyama tsiku lililonse ayi. Mukamadya nyemba finyiranipo kandimu, zimathandiza kuti thupi litenge ayironi, mchere wofunika popanga magazi, ndipo tiyi mudikire kaye papite kanthawi mutadya chifukwa amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironiyo.

Zipatso gulani za nyengo yake ndi zomwe zimatchipa. Miyezi yozizirayi manachesi a ku Mwanza amakhala mbwee mmisika, malambe nawonso, ndipo malambe ali ndi vitamini C wambiri kuposa malalanje. Aviikeni mmadzi ofunda osati owira, tikitani, sefani, muthire mu phala la ana litapolako. Ndimu nayenso finyirani tiyi atazizirako, mukamuwiritsa pamoto vitamini C uja amaonongeka. Achipatala amatiuza za magulu 6 a zakudya, ine ndimangoyang'ana mbale madzulo, ngati muli nsima, masamba otendera, tinsomba kapena nyemba, ndipo masana panadyedwa chipatso, ndimadziwa kuti tsikulo layenda.

Chimfine chikakupezanibe imwani madzi ambiri, thobwa, phala lotentha, mupume, muzisamba mmanja ndi sopo komanso mutsegule mawindo olo kukuzizira. Musamagule amoxicillin kapena bactrim pagolosale, mankhwala amenewo sapha vayirasi. Uchi umathandiza chifuwa koma mwana osakwana chaka musamupatse. Ndipo mukaona mwana akupuma mothamanga, pansi pa nthiti pakulowa mkati akamapuma, kapena akukana kuyamwa, chikhoza kukhala chibayo chimenecho, musadikire kuti kuche, mberekeni mupite naye kuchipatala.