Kujambula nkhope: yambani ndi chigaza, maso abwere pambuyo

Loweruka ndimakhala pa kampando kanga cha ku Kabwata mu Lusaka, pensulo m'manja, kujambula aliyense amene angapirire kukhala phee kwa mphindi 20. Anyamata amaunjikana kumbuyo kwanga, kenako nkundionetsa zojambula zawo. Pafupifupi onse amalakwitsa pamodzimodzi: maso amawakweza pamphumi, munthu nkumaoneka ngati wina wamusinja paliwombo ndi munsi.

Yambani ndi kujambula chigaza ngati dzira, kosongoka kuloze pansi. Lembani mzere wosakandikiza kuchokera paliwombo kufika pachibwano, ndi wina wopingasa pakati penipeni. Maso a munthu wamkulu amakhala pamzere wopingasawo. Ngati mukukayika, imani pagalasi, muyeze ndi pensulo kuchokera padiso kutsika pachibwano, kenako kuchokera padiso kukwera pamwamba pa mutu. Limatinamiza ndi tsitsi. Khanda ndiye nlosiyana: mutu wake ndi waukulu koma nsagwada sizinakule, choncho maso amatsika pansi pa mzere uja. Mukawakweza mwajambula kankhalamba kovala thewera.

Tsopano kuyambira pamene tsitsi limamerera mpaka pachibwano, gawani patatu mofanana: kufika pansidze, kufika pansi pa mphuno, kufika pachibwano. Muyesowu ndi wakalekale; Vitruvius, katswiri wa zomangamanga wa ku Roma wakale, anaulemba, Leonardo da Vinci, wojambula wa ku Italy, nkudzaujambula cha m'ma 1490. Khutu limakwana m'chigawo chapakaticho, kuyambira pansidze mpaka pansi pa mphuno. M'lifupi mwa nkhope mumakwana maso asanu, ndipo mpata wa pakati pa maso awiriwo ndi wa diso limodzi. Pokumana milomo ndi pafupi ndi mphuno kusiyana ndi chibwano.

Pali lamulo limodzi limene ine ndinalitaya. Mabuku amati mphuno m'lifupi isapitirire makona am'kati a maso. Amene analemba zimenezo ankayang'ana ziboliboli za Agiriki ndi Aroma. Kwerani minibasi ya ku Chilenje muyang'ane anzanu mmene akhalira: mphuno zathu zambiri zimapitirira pamenepo, milomo nayonso ndi yodzaza. Mukazipanikiza kuti zilowe m'lamulo, mwini nkhope adzakufunsani kuti, "Ameneyu ndani?" Choncho yezani munthu amene wakhala patsogolo panuyo. Tambasulani mkono wonse, tsinzinani diso limodzi, ikani chala chachikulu papensulo kusonyeza utali wa diso lake, ndipo muyeso umenewo ndi womwe muziyezera zina zonse. Chigongono chikapindika, muyeso wasintha.

Kujambula munthu cham'mbali nkovutirapo. Poyamba muwongoleni mutu: mzere wochokera pamwamba pa bowo la khutu kufika m'munsi mwa dzenje la diso ukhale wopingasa bwinobwino. Madokotala amautchula Frankfort plane. Khutu lili kumbuyo pang'ono kwa pakati pa mutu, ndipo kuseri kwake kukadali mutu wambiri; ophunzira amadula nkhongo ngati akuumira pepala. Kenako imikani pensulo chilili kuchokera pamphumi, muone ngati milomo yatsogola, ngati chibwano chabwerera kapena chatuluka. Kufanana kwa munthu ndi bambo ake kumabisala pamenepa. Kona ya nsagwada muipeza chapansi pa khutu. Mwa mafupa 14 a kunkhope, nsagwada ya m'munsi yokha ndi imene imayenda, nchifukwa chake munthu wolongolola ndimamupempha ayambe watseka pakamwa.

Zapakhungu muzimalizira: kangalande ka pakati pa mphuno ndi mlomo, mthunzi wa pansi pa fupa la tsaya, makwinya awiri otsika kuchokera m'mbali mwa mphuno kupita kumakona a kamwa. Makwinya amenewa musawakandikize kwa mtsikana, mumuwonjezera zaka.

Koma chimene chilipo musachichotse. Mayi wina anandibweretsera chithunzi chakale cha agogo ake a ku Katete. Ndinayeza zonse, zinakwana, koma mphini za m'masaya ndinazisiya poganiza kuti ndikuwakongoletsa. Mayiyo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, nkundibwezera. "Achimwene, awa si agogo anga." Ndinanola pensulo, ndinalemba timizere tija tsaya lililonse monga tinalili pachithunzi, ndipo m'pamene anatsegula chikwama.